Mwasintha pasiwedi ya root katatu koma wina akulowabe mu seva yanu yakale

Mwini sitolo ina ya zipangizo za ulimi ku Ulongwe anandiimbira foni m'nyengo imene alimi amakhamukira kukagula feteleza. Atandilandira, mawu awo oyamba anali akuti: "Achimwene, senha ija tasintha katatu, koma mitengo ya matumba ikusinthabe usiku. Ine ndikukaikira mnyamata uja wa pakauntala." Mnyamatayo anali chiimire pakhomo, akumva zonse, ndipo anali atauzidwa kale kuti mwezi ukatha asabwerenso.

Seva yawo inali pansi pa tebulo, yodzala fumbi, ikuyendetsa CentOS 6, mtundu wakale wa Linux. Amene anaiika anasamukira ku Beira kalekale. Vuto lotere ndakumana nalo ku Angónia, ku Moatize ndi mu mzinda wa Tete momwe, ndipo limabwera mofanana: anthu amasintha pasiwedi, mtima umakhala pansi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka zachilendo zimayambiranso. Chifukwa chake n'chakuti wolowayo sagwiritsa ntchito pasiwedi ya root. Amalowa ndi akaunti yaing'ono, kenaka amadzikweza yekha kukhala root kudzera pa chibowo chomwe chili m'makinawo.

Pa Unix ndi Linux, root ndiye mwini zonse. Nambala yake ndi 0, ndipo palibe fayilo imene angaletsedwe kuwerenga, kusintha kapena kufufuta. Maakaunti ena onse ali ndi malire. Chibowo chimene tikukamba pano ndi chija chimene chimalola munthu wa malire kudumpha malirewo. M'mabuku amachitcha kuti "local", ndipo mawu amenewa asokoneza anthu ambiri, poganiza kuti wolakwayo ayenera kukhala munthu wa mu ofesi momwemo. Sizili choncho. Tanthauzo lake n'lakuti munthuyo ali kale ndi popondera penapake m'makinamo. Popondapo pakhoza kukhala akaunti ya kalaliki, inde, komanso pakhoza kukhala akaunti ya apache imene tsamba lanu la PHP limayendera, kapena akaunti yoiwalika ya munthu amene anasiya ntchito zaka 5 zapitazo, yokhala ndi pasiwedi 123456. Munthu ali kutsidya kwa nyanja akhoza kufika pamenepo. N'chifukwa chake ndimapempha kuti musathamangire kuloza munthu chala musanayang'ane m'makina.

Poyamba yang'anani, musakonze kanthu

Zulani waya wa netiweki, koma makinawo musawazimitse msanga. Koperani deta yanu pa diski ina. Mukatero funsani makinawo kuti ndani ali ndi nambala 0:

awk -F: '$3 == 0' /etc/passwd

Payenera kutuluka mzere umodzi wokha, wa root. Mukaona wina, ngakhale dzina lake likuoneka ngati la makina, dziwani kuti ameneyo ndi root wachiwiri ndipo ali ndi pasiwedi yakeyake. Tsegulaninso /root/.ssh/authorized_keys, mmene mumakhala makiyi a SSH olowera m'makina munthu ali kutali. Kiyi iliyonse imene ili mmenemo imatsegula chitseko popanda pasiwedi, ndiye mukapeza kiyi imene simukuidziwa, mwapeza chifukwa chimene kusintha pasiwedi sikunathandize. Onaninso za cron, amene amayendetsa malamulo yekha pa nthawi yoikika: crontab -l -u root, za mu /etc/cron.d ndi /etc/rc.local, poti wina amasiya kamzere kobwezeretsa akaunti yake usiku uliwonse mukaifufuta masana.

Lamulo la last limaonetsa amene analowa ndi kumene anachokera. Zambiri zili mu /var/log/secure pa CentOS, ndi mu /var/log/auth.log pa Ubuntu ndi Debian. Koma kumbukirani kuti root amatha kufufuta mizere mmenemo. Nthawi zambiri chimene chimandiuza zoona ndi mpata: maola angapo a usiku opanda mzere ngakhale umodzi, pomwe masiku ena onse cron amalembamo ola lililonse (pa CentOS cron amalemba mu /var/log/cron).

Za setuid, pamene pagona nkhani

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa mukamvetsa ichi mwamvetsa theka la vutoli. Munthu wamba akafuna kusintha pasiwedi yake amalemba passwd. Koma mapasiwedi amasungidwa mu /etc/shadow, fayilo imene root yekha ndiye amalembamo. Nanga zimatheka bwanji? Pulogalamu ya passwd ili ndi kachizindikiro kotchedwa setuid, kamene kamauza makina kuti aliyense woiyendetsa abwereke mphamvu za mwini fayiloyo, amene ndi root, mpaka pulogalamuyo itamaliza. Nzeru imeneyi inachokera kwa Dennis Ritchie ku Bell Labs, ndipo patent yake inatuluka mu 1979. Ndi nzeru yabwino ndithu, koma ili ngati kupatsa mwana makiyi onse a nyumba kuti akatenge mchere wokha. Mwanayo akakhala wokhulupirika ndi wochenjera, palibe vuto. Wina akamupusitsa panjira, nyumba yonse yatseguka. Pulogalamu iliyonse ya setuid imene ili ndi cholakwika m'kalembedwe kake ndi mwana wotereyu.

Kuti muone mapulogalamu onse otere lembani:

find / -xdev -type f -perm -4000 -ls

Chenjerani ndi -xdev: amaletsa find kulowa m'magawo ena a diski, ndiye ngati /home, /var kapena /tmp ali pagawo lawolawo, bwerezani lamuloli pa lililonse. Pa mndandanda wabwinobwino mudzaona passwd, su, sudo, mount, umount, chsh, chfn, newgrp, gpasswd, crontab, ndipo pa makina akale ping. Zimene siziyenera kuoneka ndi bash, sh, vi, find, cp, python, perl, kapena chilichonse chokhala mu /tmp, /var/tmp, /dev/shm kapena m'nyumba ya munthu pansi pa /home.

Ku Ulongwe kuja ndinapeza fayilo mu /var/tmp, dzina lake loyamba ndi kadontho kuti isaoneke pa ls wamba. Kukula kwake kunali kofanana ndendende ndi /bin/bash, mwini wake root, setuid ili pomwepo. Aliyense wodziwa kuti ilipo ankangoiyendetsa ndi -p n'kukhala root nthawi yomweyo. Bwenzi atasintha pasiwedi ngakhale ka 100, osaphula kanthu.

Pa CentOS ndi Red Hat, rpm -Va amayerekeza mafayilo a pa diski ndi mmene anabwerera. Mzere wokhala ndi 5 ukutanthauza kuti zamkati mwa fayilo zasintha, ndipo M akutanthauza kuti zilolezo zasintha. Pa mafayilo a mu /etc zimenezi n'zachizolowezi, koma pa /bin/ls, /bin/ps kapena /usr/sbin/sshd ndi mbiri yoipa. Pa Ubuntu ndi Debian ntchito yomweyi amagwira ndi debsums. Komabe makina amene root wake anabedwa akhoza kukunamizani, rpm yemweyo akhoza kukhala wosinthidwa, choncho ine ndimayenda ndi fulashi yokhala ndi Linux yoyera, n'kudzutsa makinawo kuchokera pa fulashiyo ndi kuyang'ana diski ndili kunja kwake.

Nanga anakwera bwanji poyamba paja?

Kuchotsa fayilo yobisikayo sikutseka njira imene anadzera. Pa maseva akale a Linux pali zibowo zitatu zimene ndimayamba nazo, chifukwa n'zodziwika kwa aliyense ndipo mapulogalamu ozigwiritsa ntchito ali mbwee pa intaneti.

Choyamba ndi Dirty COW, nambala yake CVE-2016-5195, chimene chinalengezedwa mu Okutobala 2016. Chili mu kernel momwemo, mtima wa Linux, ndipo chinakhalamo kuyambira 2.6.22 ya mu 2007, zaka 9 anthu osadziwa. Chimalola munthu wamba kulemba mu fayilo imene amaloledwa kuwerenga kokha, monga /etc/passwd. CentOS 6 imayendera kernel 2.6.32, ndiye ngati sinalandire chigamba cha kumapeto kwa 2016, chibowocho chilipo. Musadalire nambala ya kernel yokha, poti Red Hat ndi Ubuntu amasoka zigamba pa nambala yakale yomweyo. Pa CentOS ndi Red Hat funsani motere:

rpm -q --changelog kernel-$(uname -r) | grep CVE-2016-5195

Ndaikamo uname -r dala. Ndapezapo maseva amene kernel yokonzedwa inaikidwa kale pa diski, koma makina akuyenderabe yakale, chifukwa anthu amaopa kuwazimitsa poganiza kuti sadzukanso, kapena chifukwa GRUB, pulogalamu yodzutsa makina, inasiyidwa ikuloza yakale. Chigamba cha kernel chimayamba ntchito makina akadzuka nayo kernel yatsopanoyo.

Chachiwiri chili mu sudo, pulogalamu yolola munthu wamba kuyendetsa lamulo ngati root, CVE-2021-3156, chimene akatswiri a Qualys analengeza mu Januwale 2021 n'kuchitcha Baron Samedit. Chinalowa mu 2011, ndipo chinakonzedwa mu sudo 1.9.5p2. Choopsa chake n'chakuti munthu safunika kukhala m'ndandanda wa sudoers wa ololedwa kugwiritsa ntchito sudo, akaunti iliyonse imakwanira. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo sikuononga kanthu. Muli pa akaunti wamba lembani sudoedit -s / ndipo muone yankho. Likayamba ndi mawu akuti "usage:", sudo wanu ndi wokonzedwa. Likayamba ndi "sudoedit:", chibowo chilipo.

Chachitatu ndi PwnKit, CVE-2021-4034, mu pkexec wa polkit, pulogalamu inanso ya setuid yonga sudo, cholengezedwanso ndi Qualys mu Januwale 2022. Chinalimo kuyambira pamene pkexec analembedwa mu 2009. Ichi chili ndi mankhwala apafupi:

chmod 0755 /usr/bin/pkexec

Lamuloli limachotsa setuid pa pkexec. Pa seva imene anthu sagwiritsa ntchito mawindo ndi mbewa, simudzaona kusiyana kulikonse.

Tsono yang'anani masiku. CentOS 6 inasiya kulandira zigamba pa 30 Novembala 2020. Zibowo za sudo ndi pkexec zinatulukira pambuyo pake, ndiye yum update, lamulo lokoka zigamba, sangakupatseni mankhwala ake, ngakhale mutaloza yum ku vault.centos.org kumene mapaketi akale amasungidwa. CentOS 7 nayo inafika pamapeto pa 30 Juni 2024. Ubuntu 14.04 inasiya kulandira zigamba zaulere za onse mu 2019, 16.04 mu 2021, 18.04 mu 2023. Ndipo zibowo sizinaleke kutuluka: Dirty Pipe mu 2022 pa kernel 5.8 kupita m'tsogolo, Looney Tunables mu glibc mu 2023. Makina amene akulandirabe zigamba amatsekedwa chibowo chikangodziwika. Amene anasiyidwa amangounjika zibowo chaka ndi chaka.

Zibowo zimene timaboola tokha

Kunena zoona, pa maseva amene ndagwirapo, nthawi zambiri sindifika n'komwe pa ma CVE. Njira imakhala itatsegulidwa ndi ife amene timakonza makinawa, tsiku lina titatopa, pulogalamu ikukana kuyenda, bwana ali pamsana.

Chofala kwambiri ndi chmod 777. Pulinta yakana, kapena pulogalamu ya masitoko ikuti ilibe chilolezo, munthu n'kungotsegula chikwatu chonse kwa aliyense. Zimayenda, onse n'kusangalala. Koma m'chikwatu chomwecho muli backup.sh amene cron wa root amayendetsa usiku uliwonse. Aliyense wotha kulemba mu fayilo imeneyo akhoza kuwonjezamo mzere umodzi, ndipo usiku root adzamugwirira ntchitoyo. Pitani pa mzere uliwonse wa cron wa root, muone fayilo imene ikuyendetsedwa, mwini wake ndi zilolezo zake. Onaninso chikwatu chimene fayiloyo ili, ndi zikwatu zonse za pamwamba pake, chifukwa wotha kulemba m'chikwatu akhoza kuchotsa fayilo ya root n'kuikapo yake ya dzina lomwelo. Ichi anthu ambiri amachiphonya. Mafayilo otsegukira aliyense mungawapeze ndi:

find / -xdev -type f -perm -0002 -ls

Chachiwiri ndi sudoers. Lembani sudo -l -U ndi dzina la munthu aliyense, muone zimene analoledwa. Munthu amaganiza kuti wapereka chochepa akalola kalaliki kuyendetsa vi, less, more, find kapena tar ngati root, kuti azitha kuwerenga fayilo imodzi. Koma mapulogalamu onsewa amatha kuyendetsa malamulo ena ali mkati, ndiye kulola vi n'chimodzimodzi kupereka root yense. Ngati munthu ayenera kusintha fayilo inayake, mpatseni sudoedit pa fayilo imeneyo yokha, sudo atakonzedwa kale. Sinthani sudoers ndi visudo nthawi zonse, ndipo siyani windo lina la root lili chitsegukire mpaka mutayesa, kuopa kudzitsekera kunja.

Zina ndingozitchula mwachangu. Kadontho mu PATH ya root, mndandanda wa zikwatu zofunamo mapulogalamu, kamachititsa kuti ayendetse pulogalamu ya m'chikwatu chilichonse chimene waimamo, chichotseni. Mu /etc/exports, mawu akuti no_root_squash amapatsa root wa kompyuta ina mphamvu za root pa mafayilo anu. Ndipo munthu amene ali m'gulu la disk, docker kapena lxd muzimuwerenga ngati root.

Palinso chibowo cha chitseko chenicheni. Ku Moatize ndi ku Tete kutentha kumachititsa kuti chipinda cha seva chizisiyidwa chotsegula kuti mphepo izilowa. Munthu wofika pa kiyibodi, pa makina ambiri akale, amangowazimitsa n'kuwadzutsa mu single user, n'kupezeka ali root osafunsidwa kanthu. Ikani pasiwedi pa GRUB ndi pa BIOS, letsani kudzuka kuchokera pa fulashi, ndipo ngati chitseko sichingatsekedwe, wotcheretsani kabokosi ka zitsulo kokhala ndi loko, kolowa mphepo.

Ngati ndi Solaris, AIX, HP-UX kapena SCO OpenServer

Makina a Unix amenewa akadalipo m'malo ena, kawirikawiri chifukwa pulogalamu imodzi yofunika imayenda pa iwo okha. Mfundo zake n'zomwezi, kungoti mndandanda wa setuid umakhala wautali kwambiri, makamaka pamene anaikapo CDE, mawindo akale a Unix aja. Mu Epulo 2017 gulu la Shadow Brokers linatulutsa poyera chida chotchedwa EXTREMEPARR, chimene chimadzera pa dtappgather wa CDE kupatsa munthu root pa Solaris. Ngati palibe amene amakhala pa seva kugwiritsa ntchito mawindowo, chotsani setuid pa mapulogalamu a pansi pa /usr/dt ndi chmod u-s, mutalemba kaye mmene analili kuti muthe kubweza. Pa Solaris 10, pkgchk ndiye amagwira ntchito ya rpm -Va.

Pa makina otere antchito amalowa n'kugwera pa menyu, ndipo eni ake amakhulupirira kuti sangatulukemo. Yesani nokha. Ngati menyuyo imatsegula lipoti ndi more kapena vi, chizindikiro cha ! chimatulutsira munthu ku shell, polembera malamulo. Tsekaninso telnet, rlogin ndi rsh ngati n'kotheka, poti pasiwedi imayenda pa waya ili poyera.

Pamene simungasinthe makina mwezi uno

Ndikudziwa mmene ndalama zimavutira, ndipo pulogalamu ina wolemba wake sapezekanso. Pamenepo chepetsani popondera. Tsekani maakaunti onse amene eni ake anachoka, ndipo amene safunika shell apatseni /sbin/nologin. Chotsani setuid pa chilichonse chimene simugwiritsa ntchito, monga chsh, chfn, newgrp ndi pkexec, chimodzichimodzi, mukuyesa ntchito ya tsiku ndi tsiku pakati pake. Mu /etc/fstab ikani nosuid ndi nodev pa /tmp, /var/tmp, /home ndi /dev/shm ngati ali pa magawo awoawo. Fayilo ngati ija ndinaipeza ku Ulongwe ikanakhala yopanda mphamvu pa gawo lotere. Izi sizitseka Dirty COW, koma zimachotsa njira zambiri zapafupi. Chachikulu koposa, sevayo isaonekere ku intaneti. Lowani mu rauta muone madoko amene anatsegulidwa kuloza ku seva, chifukwa kawirikawiri pamakhala limodzi limene linatsegulidwa kuti bwana aziona malonda ali ku Maputo, ndipo silinatsekedwenso.

Koma ngati mwapeza umboni woti wina anakhalapo root, musadzivute ndi kutsuka. Izi ndimaziumirira ngakhale eni makina akwiye. Mwapeza fayilo imodzi, koma simungatsimikize kuti palibe yachiwiri mu kernel, mu sshd kapena mu ls yemweyo amene mukufufuzira. Ikani makinawo mwatsopano. Amene anazolowera CentOS adzaona kuti AlmaLinux ndi Rocky Linux, zimene zinayamba kutuluka mu 2021, sizachilendo, ndipo Debian imayenda bwino pa kompyuta zofooka. Poti data ya pafoni imadula ndipo netiweki ya kumaboma imadukaduka, ine ndimakopera ISO yoikira Linux ndi mapaketi ndili mu mzinda wa Tete, n'kutsimikiza ndi sha256sum, kenaka n'kunyamula pa fulashi. Kuchokera ku makina akale tengani deta yokha, osati mapulogalamu, osati ma script musanawawerenge mzere ndi mzere. Mapasiwedi onse ndi makiyi onse a SSH akhale atsopano. Ngati pulogalamu yanu imakana china chilichonse kupatula CentOS 6, iikeni mu CentOS 6 yoikidwa mwatsopano mkati mwa KVM, yoyendetsa kompyuta ina mkati mwa inzake, pa makina atsopanowo, yosatuluka ku intaneti, yolankhula ndi makompyuta a pakauntala okha.

Ku sitolo kuja, mafayilo amene Apache amalembamo za ofika pa tsamba ndiwo anaulula. Tsamba lakale la PHP loonera masitoko linali lotsegukira ku intaneti kudzera pa rauta, ndipo linkalola munthu kukweza fayilo iliyonse. Mapempho okayikitsa onse ankachokera ku ma adilesi akunja, pakati pa usiku, ndipo kernel inali ya chaka cha 2014. Akaunti ya mnyamata uja inali isanalowepo kunja kwa maola a ntchito. Ndinawaonetsa eni sitolowo mizereyo pa sikirini, umodziumodzi, ndipo ndinawapempha kuti amuitane mnyamatayo amve nawo. Anamuitana, namuuza kuti, "Mwanawe, ndinakuganizira molakwa, ubwere mawa monga mwa masiku onse."

Titamaliza kuika makina atsopano, ndinasunga mndandanda wa setuid pa fulashi imene imakhala m'kabati ya bwana, ndipo ndinamuphunzitsa mnyamata yemweyo kuyendetsa find uja kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, n'kuyerekeza ndi wakalewo pogwiritsa ntchito diff. Pakatuluka mzere umene sanauonepo, amazula waya wa netiweki kaye kenaka n'kundiimbira.